Tchire Likagwedezeka Usiku

Tili ana, tinkagona pansanja kumunda pamodzi ndi amalume athu, kulondera nguluwe zimene zinkatha chimanga. Usiku wina mapesi adagwedezeka chakumalire kwa munda. Ife tidawanong'oneza kuti aombe msanga, koma iwo adangogwira mfuti yao ya gogodera, natsokomola, nafunsa kuti, "Kodi ndani uko?" Amene adayankha anali mkulu wa munda woyandikana nawo, akufunafuna mbuzi yake yosokera. Tidakhala chete mpaka kudacha. M'mawa amalume adangotiuza kuti, "Ana inu, chipolopolo chilibe maso. Maso ndi a mwini mfuti."

Mau amenewa timawakumbukira tikaganizira zimene zidamugwera Rudi Visagie, katswiri wakale wa masewera a rugby ku South Africa. M'mwezi wa May chaka cha 2004, mbandakucha wa tsiku Lamulungu, iye adadzutsidwa namva galimoto ya mwana wake wamkazi ikutuluka pakhomo pao kufupi ndi Nelspruit. Poyesa kuti ndi mbala, adaombera pazenera kamodzi kokha. Woyendetsa galimotoyo anali mwana wake yemweyo, wa zaka 19, ndipo adamwalira. Boma silidapitirize kumuzenga mlandu. Koma ndi bwalo liti lingamasule bambo ku chisoni chotere? Madzi akatayika saoleka.

Munthuyu sanali wankhanza. Anali ndi mantha ngati ife tonse. Mantha ali ndi chizolowezi choipa: mumdima amationetsa chimene tikuchiopa, osati chimene chilipodi. Mlenje amaona nyama, mwini nyumba amaona mbala, pamene chala chafika kale pamfuti. Komanso chipolopolo sichiima pamene maso athu alekezera. Chimaboola chitseko ndi mpanda waudzu, nkukapeza munthu amene sitidamuganizire nkomwe.

Nchifukwa chake lamulo lachisanu la Mulungu silitiletsa kupha mwadala kokha. Limatiletsanso kuika moyo wa mnzathu pangozi mosasamala. Aliyense wosunga mfuti, kaya ndi mlenje, mlonda kapena bambo woteteza banja lake, asaombe asanadziwe bwino chimene chili patsogolo pake ndi chimene chili kuseri kwake. Akakayika, atsitse mfuti. Chimanga chikadyedwa tidzabzala china, galimoto ikabedwa ingathe kupezeka.

Mkulu wa mbuzi uja adakhala ndi moyo zaka zambiri, naona zidzukulu zake. Sadadziwe konse kuti usiku uja ana awiri adakakamiza amalume ao kuti amuombere.