BESI YATHU: BOKOSI KAPENA CIKWAMA?

Wolemba mnyamata wa Fomu 3

Inu amene mumamva besi irikugunda pansi pa nyimbo m'chalichi kapena pa ukwati, kodi munayamba mwadzifunsa kuti cinthu cimeneci cimafika bwanji pamalopo? Woimba kiyibodi aika cace m'khwapa, ndipo woimba ndi pakamwa sanyamula kanthu koma mmero wace. Koma gitala la besi ndi lalitali ndithu. Kucokera kumutu kufikira pansi ndi mita imodzi ndi masentimita ngati 15, ndipo lilemera makilogalamu 4 kapena kuposerapo pang'ono. Zoikamo zace ziripo ziwiri: bokosi lolimba lokhala ndi cogwirira cimodzi ndi maloko, ndi cikwama ca nsaru cokhala ndi siponji m'kati ndi malamba awiri oberekera kumsana. Ndifuna kufotokoza m'mene ife a ku Mbayani tinasankhira pa ziwirizi, pakuti nkhaniyi inatidyera masabata atatu, ndipo inatsala pang'ono kutidanitsa.

Kale funso limeneli kunalibe. Pamene Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Vienna, anakomana ndi Daniel Kachamba ndi mng'ono wace Donald m'tauni ya Blantyre m'caka ca 1967, anyamata a ku Chileka amenewa analikuimba kwela, ndipo besi ya gulu lao inali bokosi la matabwa, ndodo ndi nsambo imodzi. Ndani akadafunira bokosi bokosi linzace? Ngakhale babatoni, besi ya nsambo imodzi imene Gasper Nali ndi a Madalitso Band aichukitsa kunja, ndi yopanga ndi manja. Ikaonongeka mwini wace adziwa kumene angapeze cikopa ndi mtengo wina. Besi ya magetsi ndi ina. Anaifalitsa ndi Leo Fender wa ku California, amene anayamba kugulitsa Precision Bass m'caka ca 1951, ndipo kufikira lero ambiri mwa mabesi amene tiwaona atsata msinkhu womwewo. Ikathyoka khosi simungapite kukadula lina m'phiri la Ndirande.

Besi yathu ndi ya gulu la acinyamata a mpingo wathu. Si yatsopano iai. Inacokera ku Johannesburg pa basi, itakulungidwa m'bulangete ndi makatoni, ndipo anaitumiza ndi mkuru wace wa mnzathu wina amene agwira nchito kumeneko. Popeza ine ndine ndinaphunzirako kuimba kwace, akuru a mpingo anati igone kwathu, ndipo atate anga anabvomera pamaso pao kuti ikaonongeka iri m'manja mwanga adzalipira ndiwo. Ndalama zimene atate angalipire nazo ndizidziwa bwino: ndi zomwe zija asungira fizi yanga. Cifukwa cace pamene anzanga analikukangana za bokosi ndi cikwama monga nkhani ya mpira, ine ndinalikuganiza za Fomu 4.

Tinasonkha ndalama, koma zinakwanira cinthu cimodzi cokha, cogwirapo kale nchito.

A mbali ya bokosi anali ambiri, ndipo mau ao sanali acabe. Nsambo zinai za besi zikamangidwa bwino zikoka khosi ndi mphamvu yonga ya katundu wa makilogalamu pafupifupi 80, usana ndi usiku, ndipo cimene ciletsa khosilo kupindika ndi kacitsulo kakatali kobisika m'kati mwace. Khosi lokokedwa cotero silifuna kuti wina alikhalire kapena kulitsamiritsa thumba la cimanga. Zocunira nsambo zimene ziri kumutu zipindika msanga zikagunda khoma. Bokosi lichinjiriza zonsezi. Mungathe kusanjikapo sipika, besi osamva kanthu. Ndiponso oimba amene akwera ndege pa Chileka sangayese kupereka besi ya m'cikwama kwa onyamula katundu, pakuti kumeneko katundu aunjikana. Mnzanga wina ananena mau amenewa a ndege katatu konse pa msonkhano umodzi. Ndinamfunsa kuti gulu lathu likwera liti ndege, popeza ulendo wathu wautali koposa unali wa ku Lunzu. Sanandiyankhe, ndipo sanandilankhule masiku awiri.

Tsono ine ndinati tiyambe taganiza za njira imene besiyo iyendamo. Amene simunafikeko ku Mbayani mudziwe kuti nyumba zambiri ziri pamtunda wotsetsereka, zothithikana, ndipo galimoto silifika pakhomo pathu. Kucoka kwathu kupita ku mseu waukuru wa ku Chileka ndiyenda m'tinjira topapatiza pakati pa makoma a nyumba, pena polowa munthu mmodzi yekha. Pali ngalande zokumbika ndi madzi zimene tiolokera pa thabwa kapena pa miyala, pali masitepe a matumba a mcenga, pali zingwe zoyanikapo zobvala, ndi ana othamangitsana amene sayang'ana kutsogolo. Bokosi la besi palokha lilemera makilogalamu 5 kapena 6, mwina kuposa besi yomwe. Mukaphatikiza ndi makilogalamu 10 olendewera ku dzanja limodzi, ndipo katunduyo ndi wamtali, kotero kuti pokhota mutu wace ugunda khoma lino, kumbuyo kwace kugunda khoma linalo. Nthawi ya dzinja, pamene dothi la katondo literera ngati sopo, munthu afuna manja ace onse awiri. Wonyamula bokosi akaterereka alitaya kuti adzipulumutse yekha, ndipo ligwera m'ngalande. Wobereka cikwama agwira khoma ndi dzanja ili, mtengo ndi dzanja linali, natsika bwino.

Ndipo pofika pa mseu mabvuto a bokosi sanathe. Kondakitala wa minibasi akaona bokosi lotere anena cimodzi mwa ziwiri: mulipirire mpando wace, kapena lipite kumbuyo. Kumbuyoko mukudziwa nonse m'mene kukhalira. Citseko sicitsekeka, acimanga ndi cingwe, ndipo katundu wanu akhala pamodzi ndi matumba a makala ndi mabasiketi a tomato, inu osamuona kufikira potsika. Besi ya m'cikwama ndiiimika pakati pa miyendo yanga, khosi lace ndaligwira, ndipo palibe wondilipiritsa. Pa kabaza ndiye bokosi silitheka konse, pokhapokha mulipingase pa miyendo kuti likolane ndi galimoto iri yonse yodutsa. Ine ndiganiza kuti besi iri pamsana pa mwini wace, ngakhale m'nsaru cabe, isungika bwino koposa besi iri m'bokosi lacitsulo m'manja mwa munthu wosaidziwa mtengo wace.

Pali cinanso cimene cinandilimbitsa mtima. Besi yathu si yamphako monga gitala wamba limene liphwanyika mukalikhalira. Thupi lace ndi thabwa locindikala. Khosi lace ndi lomanga ndi masikuluwu anai monga mwa mapangidwe a Fender, ndipo mutu wace ndi woongoka. Magitala amene mitu yao ipendekera kumbuyo, monga a Gibson, ndiwo adziwika ndi kuthyoka pomwepo akagwa.

Koma walira mvula walira matope. Cikwama ciri nazo zace. Mvula ya ku Blantyre, kuyambira November kufikira April, ilowa pa zipi mosabvuta, ndipo siponji ikamwa madzi isunga cinyontho masiku ambiri. Nsambo zicita dzimbiri, ndipo totembenuza mau tiyamba kukhwekhwereza. Dzuwa la October litentha cikwama cakuda ngati ciwaya. Woberekayo aiwalanso kuti mutu wa besi wapitirira mutu wace, nagunditsa pa mphuthu ya citseko. Ndipo coposa zonse, besi siyenda masiku onse. Pa sabata iyenda kawiri kapena katatu. Masiku enawo iri m'nyumba ya zipinda ziwiri m'mene tikhalamo anthu asanu ndi awiri, pamodzi ndi makoswe amene akonda siponji, ndi ana ang'ono amene akonda kupotokola cinthu ciri conse copotokoleka. Tonse tikumbuka March 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, makoma a zidina zosaocha nagwa m'madera ambiri a mzinda uno. Katundu amene anali pansi ananyowa yense. Pamenepa a mbali ya bokosi analikunena zoona, ndipo sindinawatsutse.

Amene anamasula mfundoyi ndi atsibweni anga, amisiri a matabwa. Anabwera kwathu Lamulungu madzulo, napeza ndirikuyeza besi ndi cingwe.

"Kodi mphwanga, cimeneci ulikuciyeza ngati ufuna kucisokera malaya bwanji?"

Ndinawafotokozera zonse, ndi kunena kuti, "Atsibweni, ndalama zathu sizikwanira ziwiri, ndipo ine ndifuna zonse ziwiri."

Iwo anainyamula besiyo, naitembenuza, nafunsa kuti bokosi la kusitolo liri ndi ciani cimene iwo sangapange. Ndinati ndi lopepukirapo, ndipo lioneka bwino. Anaseka nati, "Bokosi logona pansi pa bedi lifuna kuoneka bwino kwa yani? Gula cikwama cakoco. Ukaweruka kusukulu uzibwera kudzandipalira matabwa sabata ziwiri, bokosi ndikukhomera ndi zotsala."

Cikwamaco tinakacifuna ku Limbe anthu atatu, ndipo tinatenga besi yomwe, itakulungidwa m'bulangete lace lija, kuti tikaiyeseremo. Amene mudzagula pambuyo pathu citani cimodzimodzi, pakuti wogulitsa adzakuuzani kuti cikwama ca gitala ndi cimodzi, pamene ca gitala la nsambo zisanu ndi imodzi cicepa ndi masentimita ngati 15, ndipo zipi yace sitsekeka kumutu. Tinakana ziwiri zimene zinali nsaru yokha yopanda siponji. Zoterezo zichinga fumbi basi. Cimene tinatenga ciri ndi siponji yocindikala ngati cala cacikuru, koma pansi pace panali popyapyala, pamene kacitsulo komangirira lamba kagunda pansi mukaimika besi. Telala wa pa Chemusa anasokererapo cidutswa ca patapata wakale, nabwerezanso ulusi pa malamba, cifukwa lamba akaduka besi igwa cagada kucokera pa msinkhu wa munthu. M'kathumba ka kutsogolo ndisungamo waya wa ku ampulifaya ndi pepala lalikuru la pulasitiki lopinda bwino, lobvekera cikwama conse mvula ikayamba.

Bokosi la atsibweni linatha pa sabata lacitatu. Ndi la pulayiwudi, lokhala ndi mahinjesi atatu, loko wa pageti, ndi timiyendo tinai toliletsa kukhudza simenti. M'kati anaikamo kamtsamiro ka thabwa kogonekapo khosi, ndipo analikulitsa dala kuti besi ilowemo iri m'cikwama cace, malinga cikwamaco cikhale couma. Kulemera kwace sindinakuyeze, koma tinalitenga kwa atsibweni anyamata awiri, ndi kupumula kanai panjira.

Laturuka m'nyumba kamodzi kokha, pamene tinapita kukaimba ku Chirimba pa lole pamodzi ndi masipika ndi mabenchi. Mnzanga wa ndege uja ndiye analikhalira ulendo wonse, nauza ali yense amene anafuna kumva kuti bokosi linali nzeru yace kuyambira paciyambi. Tsopano alikunena kuti tilipake utoto wakuda ndi kulembapo dzina la gulu ndi zilembo zoyera, koma atsibweni akana, ati utoto ugule ndi amene aufunayo.