Kalata Yathu kwa Aphungu

Madzi amene timamwa ndi kutawazira kuno ku Mzuzu amachokera m'damu la Lunyangwa, ndipo damulo limadalira nkhalango ya Kaning'ina. Ife a kalabu ya zachilengedwe titapita kukaona nkhalangoyo, tinapeza zitsa ndi mauvuni a makala akufuka utsi.

Tinabwerera tili khuma, tikufunsana kuti ana a sukulu tingachitepo chiyani. Aphunzitsi anatiuza kuti lamulo silibwera lokha. Mabungwe monga Lilongwe Wildlife Trust anakakamira aphungu mpaka lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017. Lero wozembetsa minyanga ya njovu angathe kukhala kundende zaka 30. Lamulo la nkhalango nalonso linakhwimitsidwa mu 2020.

Tinagwirizana zolembera aphungu a dera lathu kuti akapemphe ku Nyumba ya Malamulo alonda ambiri a ku Kaning'ina. Tili mkati molemba, mnzathu wina anafunsa kuti, "Nanga nsima kwanu amaphikira chiyani?" Tonse tinangoti zii, chifukwa makwathu mbaula ndi zamakala. Tinawonjezera pempho lachiwiri, loti gasi ndi magetsi zitsike mtengo. Kalatayo tinakapereka, ndipo tikudikira yankho.