Ngolo za magalimoto a mpikisano

Komatu mpikisano wa magalimoto wa NASCAR umayambira pamsewu wamba, anthu asanakhale n'komwe m'bwalo. Matimu ambiri amakhala cha ku Charlotte, North Carolina, ndiye pakakhala mpikisano ku Sonoma, California, thiraki yonyamula magalimoto awo imaguguza makilomita oposa 4,000. Ngolo yake ndi ya mafiti 53. Magalimoto awiri a mpikisano amakwezedwa ndi chitseko chakumbuyo n'kukagona m'chipinda chapamwamba, pansi n'kudzaza zitsulo, masipanala ndi malo ogwirira ntchito amakaniko. Palibe kampata kongokhala.

Chandigwira mtima ndi lamulo la ku California. Sayang'ana kutalika kwa ngolo kokha, amayezanso kuchokera pa chitsulo chokolekera ngolo ku mutu wa thiraki kukafika pa matayala akumbuyo, ndipo malire ake ndi mafiti 40, kuti thiraki ikamakhota isamadye mbali ya anzake. Boma la America linapatula ngolo za mpikisano, zija zimaloledwa mafiti 46 pa muyeso womwewo. Ku Ulaya ndiye mutu ndi ngolo pamodzi zisapyole mamita 16.5, pamene ngolo ya ku America payokha imapyola kale mamita 16.

Ine mtima wanga uli kwa madalaivala a mathirakiwa. Amayenda usiku ndi usana atanyamula thukuta la timu yonse, chikho amakweza wina. Ndikumvetsanso mayi amene ali m'kagalimoto kake pa mphambano, thiraki yotere ikukhota pafupi naye.

Anzanga oyendetsa mathiraki, mafiti 6 amenewa pokhota amasinthadi zinthu? Tandiuzeni.