Mkunga wa mu Mtsinje wa Pungwe

M'chigwa cha Honde, kufupi ndi minda ya tiyi ya Aberfoyle, munali mkulu wina amene anasunga mkunga m'thanki yagalasi kwa zaka zisanu ndi zinayi. Bambo ake anachoka ku Mulanje m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963. Anayamba kuthyola tiyi ku Chipinge, kenaka nasamukira ku Honde, kumene anamwalira ali mtchona. Mwana wawoyo anabadwira pa esiteti, nagwira ntchito ya ukapitawo kufikira atapuma.

Mkungawo anaugula kwa anyamata amene anauvuula mu Pungwe uli wochepa ngati chala. Kuusunga sikunali kwapafupi. Masana unkabisala m'paipi imene anauikira pansi pa thanki, ndipo usiku unkatuluka kudzasaka. Unkadya nkhanu, achule ndi tinsomba tamoyo, kotero kuti nsomba ina iliyonse yoikidwa m'menemo sinkaona m'mawa. Kawiri konse unakankha chivundikiro nupezeka ukukwawa pasimenti, pakuti mkunga umatha kukhala kunja kwa madzi kwa kanthawi khungu lake likakhala lonyowa. Kuyambira pamenepo pachivundikiro pankakhala njerwa ziwiri.

Chimene chinkamudabwitsa mkuluyo ndi mbiri ya nsombayo. Mkunga suswana m'mitsinje. Umabadwira kutali m'nyanja ya mchere ya Indian Ocean, nulowa pamatsiriro a Pungwe ku Beira, nukwera mtunda wa makilomita mazanamazana kufikira m'tsinde mwa phiri la Nyangani. Ukakhwima umabwerera kunyanja kukaikira mazira, ndipo sudzaonekanso kumtunda.

Iye analibe kobwerera. Lamulo la unzika la 2001 linachititsa ana ambiri a anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kulembedwa monga alendo m'dziko lobadwira, mpaka malamulo aakulu a 2013 anawabwezera ufulu wawo. Ku Mulanje kunalibenso wina womudziwa dzina.

Chaka chachisanu ndi chinayi, mkunga uja unaleka kudya. Maso ake anakula, mimba inayamba kuyera, ndipo usiku wonse unkagunda galasi. Mdzukulu wake anafunsa kuti, "Agogo, kodi yadwala?" Mkuluyo anapukusa mutu nati, "Ayi mwanawe, yakumbuka kwawo."

Anazengereza milungu itatu, popeza chimwalirire mkazi wake, nsombayo ndiyo inkamudikira m'nyumbamo. Mvula ya Januwale itadzaza mtsinje, anauika m'ndowa, naphimba ndi thumba lonyowa, natsikira nawo kudooko pamodzi ndi mdzukuluyo. Mkungawo unakhala chete m'madzi osaya kwa kamphindi, kenaka unalowa m'matope ofiira osaonekanso.

Thankiyo sanaigulitse. Mdzukulu anaikamo timatemba tiwiri, ndipo njerwa zija anazibwezera pamulu wake kuseri kwa khitchini.