Denga la Old Ship ku Hingham

Ku Hingham, katauni ka m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Boston ku Massachusetts, kuli nyumba yamatabwa yomwe inamangidwa mu 1681. Amaitchula kuti Old Ship, poti ukalowa n'kuyang'ana kumwamba, mitanda ya denga lake imaoneka ngati chombo chovundikira. Mwa nyumba zosonkhaniramo zimene Akhristu otchedwa Apuritani anamanga ku America m'zaka za m'ma 1600, yatsala ndi iyi yokha, ndipo mpaka lero anthu amapempheramo.

Sinali ya mapemphero okha. Pa mabenchi omwewo amuna a m'tauni ankakangana za misonkho, misewu ndi malire a minda. Abusa ankalipidwa ndi ndalama za msonkho, wopemphera ndi wosapemphera yemwe ankasonkha, ndipo boma la Massachusetts linasiyana ndi mwambowu mu 1833. Pokhala sunkadzisankhira: akuluakulu ankagawa malo poona zaka ndi chuma cha munthu.

Chimene chimandipatsa maganizo ndi dengalo. M'zaka za m'ma 1730 eniake anakhoma siling'i, mitanda yokongola ija n'kubisika kwa zaka pafupifupi 200. Mu 1755 anakuza nyumbayo ndi kuikamo mipando yotchingidwa ngati timakola, banja lililonse kake. Mu 1869 anaizulanso mipandoyo, n'kuyala makapeti monga inkafunira fasho ya nthawiyo. Wokonda zakale akamva zimenezi amapukusa mutu. Ine sindiwadzudzula anthu aja. Nyumbayo inalibe moto m'nyengo ya chipale, ulaliki unali wa maola, ndipo m'nyumba ngati zimenezi amayi ankabwera ndi timbaula ta makala tofunditsira mapazi. Munthu amene zala zachita dzanzi sasirira mitanda. Matauni ena atatopa nazo nyumba zawo anangogwetsa n'kumanga zatsopano. A ku Hingham anaphimba, anawonjezera, anapenta, koma mizati anaisiya chiimire.

Ngakhale chiphunzitso chinasintha nyumba ili yomweyo. Abusa Ebenezer Gay, amene anatumikira kuyambira 1718 mpaka 1787, anafewetsa ulaliki wouma wa Apuritani, ndipo lero mpingowo ndi wa Unitarian Universalist.

Mu 1930 anaikonza kuti ibwerere mwakale. Koma kale lake liti? Anachotsa siling'i kuti denga la 1681 lionekere, n'kubwezeretsa timakola ta 1755. Pamene timakolato tinkaikidwa koyamba, mitanda inali itabisika kale, choncho palibe munthu wa makedzana amene anakhalapo m'timakolato n'kuiona mitandayo pamutu pake.