KU KOCHI, MPHEPO NDIYO IMALIMA M'NYANJA

Mlendo wofika ku Kochi, doko la m'cigawo ca Kerala kum'mwera kwa dziko la India, m'mwezi wa April apeza nyanja yabata, madzi ake ali mbee. Makoka akulu-akulu olenjekeka pa mitengo aweramira m'madzi tsiku lonse, koma nsomba zobvuuka nziwerengeka. Kwa msodzi, madzi oyera cotere ali ngati munda woguga.

Cakudya coyamba ca m'nyanja ndico tizomera ting'ono-ting'ono tosaoneka ndi maso, timene akatswiri aticha phytoplankton. Monga cimanga, tizomerati tifuna dzuwa ndi conde. Tsono dzuwa liri pamwamba, koma conde cigona pansi, kumene zamoyo zakufa zimaolera. M'miyezi yotentha madzi ofunda amakhala pamwamba pa madzi ozizira osasanganizika, ndipo tizomera timacepa.

Zinthu zisintha kuciyambi kwa June, pamene mphepo ya monsoon iyamba kuomba kucokera kum'mwera ca kumadzulo nibweretsa mvula yamphamvu kufikira September. M'nyengo imeneyi madzi apamwamba akankhidwira kutali ndi gombe, ndipo madzi ozizira apansi akwera kudzalowa m'malo mwao atasenza conde. Nayo mitsinje 41 yotsika m'mapiri a Western Ghats ithiramo zake. Dzuwa likangoboola mitambo, tizomera tiswana kufikira madzi asanduka obiriwira. Asodzi a ku Mpulungu aidziwa nkhaniyi, pakuti mphepo ya mwera icita cimodzi-modzi pa Nyanja ya Tanganyika m'nyengo yacisanu.

Kum'mwera kwa Kochi, ca ku Alappuzha, kumaoneka codabwitsa cochedwa chakara. Pakati pa mafunde aukali pamakhala malo amatope a madzi odikha, ndipo mabwato amathamangirako kukakokola nsomba.

Nsomba yodalira kwambiri tizomerati ndi mathi, ndiwo yochipa imene m'mphawi yemwe amaifikira. M'caka ca 2012 asodzi a Kerala anagwira pafupi-fupi matani 400,000 a mathi; pofika 2021 anangopitirira pang'ono matani 3,000. Akatswiri a Central Marine Fisheries Research Institute ku Kochi analoza zifukwa ziwiri zazikulu: kugwira tiana ta nsomba tisanakule, ndi kufunda kwa nyanja kumene kunadza ndi El Niño wa 2015, amene anafooketsa kukwera kwa madzi aconde.

Boma la Kerala silinangopinda manja. Kuyambira 1988 zombo zokoka makoka pansi pa nyanja zimaletsedwa kusodza kwa masabata angapo m'nyengo ya monsoon, ndipo mu 2015 linaletsa kugwira mathi wosafika masentimita 10. Mphepo palibe angailamule, koma kusiyako mbeu ya caka camawa kuli m'manja mwa msodzi, monganso kuli m'manja mwa mlimi.