Mupita ku Shikabeta? Yambani Mwafunsa Zaka za Matayala a Trela Yanu

INU amene muli ndi katrela kuseri kwa nyumba ku Chelstone kapena ku Matero, kamene kakhala padzuwa kuyambira chaka chatha ndipo nkhuku zinayamba kale kuikiramo mazira, nkhani ino ndi yanu. Chimanga chauma kumudzi, abale ayamba kutuma foni ati bwerani mutenge masaka anu. Musanakakoke ulendo wa ku Shikabeta, khalani pansi mumve zimene zinandionekera ine.

Poyambira ulendo ndi wokoma. Mutuluka mu Lusaka ndi Great East Road m'mamawa, mulipira pa toll gate ya ku Chongwe, kenaka mufika pa Chinyunyu pamene madzi otentha amatuluka okha pansi. Imani pamenepo muongole miyendo, ndipo gwirani pakati pa mawilo a trela. Ngati habu yatentha moti dzanja silikhalapo, ma bearing auma girisi. Mukapitirira, nyumba ziyamba kuchepa, mapiri ayamba kuchuluka, m'mbali mwa mseu muli masaka a malasha okhaokha. Mwalowa m'boma la Rufunsa, limene linadulidwa ku Chongwe pa nthawi ya a Michael Sata. Kuli mafumu atatu: a Bunda Bunda, a Mpanshya ndi a Shikabeta.

Shikabeta ali kumpoto kwa mseu waukulu. Musiya tara, mupatukira kumanzere, ndiye muyamba kukwera ndi kutsika m'mapiri kulowera kuchigwa cha Lunsemfwa, mtsinje umene madzi ake amakathera mu Luangwa. Malo ndi okongola, musanamizidwe. Mitengo ya miombo yadzaza mapiri, mphepo ilibe utsi wa mabasi, ndipo usiku nyenyezi zimaoneka ngati mungazitole ndi dzanja. Anthu ake amalankhula Chisoli, koma Chinyanja mumvana nawo bwinobwino. Koma njira ndi ya miyala, ndipo mukamatsika kutentha kumakula. Miyala ndi kutentha ndiwo adani a tayala lokalamba.

Ife popita tinayenda bwino chifukwa trela inali yopanda kanthu. Pobwera tinapakira masaka 18 a chimanga cha amai aakulu, chakudya cha banja lonse mpaka dzinja. Tisanafike patali, pachitunda china, tinangomva phuu! Tayala lakumanzere linang'ambika m'mbali, rimu inamenya mwala n'kupindika ngati mbale ya zitsulo imene ana aipondaponda. Sipeya ya trela tinalibe. Ya Hilux ili ndi mabowo 6, trela ili ndi 4. Foni inalibe netiweki, dzuwa linali kupendeka.

Amalume anayang'ana tayala lija, anayang'ana ine. "Iwe mwana, si unakamba ati matayala yali bwino?"

"Amalume, mapanga yake yanali yakali yatsopano," ndinayankha choncho, manyazi ali tho.

Ndipo sindinaname. Mapanga anali akuya ndithu. Apa ndi pamene ambiri timapusira. Tayala la trela silitha ndi mseu, chifukwa limayenda kawiri kapena katatu pa chaka. Limatha ndi zaka, ndi dzuwa, ndi kukhala malo amodzi. Mphira umauma, ming'alu ing'onoing'ono imayamba m'mbali, ndipo tsiku limene mwalisenzetsa katundu ndi pamene limakukanani.

Zaka zake zinalembedwa pa tayala pomwepo. Funani zilembo za DOT m'mbali, muwerenge manambala 4 omalizira. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Langa linalembedwa 1811, kutanthauza sabata ya 18 m'chaka cha 2011. Makampani monga Michelin amalangiza kuti tayala likakwana zaka 5 lizipimidwa chaka chilichonse, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Langa linali litadutsa kale pamenepo. Mukamagula matayala a salaula, nambala imeneyi ndiyo yoyamba kuiona, musanayambe n'kukambirana mtengo.

Cholakwa chachiwiri chinali katundu. Matayala anga anali a kamotoka wamba, 155/80R13 79T. Nambala 79 itanthauza kuti tayala limodzi linyamula makilo 437, awiri 874. Chotsanipo kulemera kwa trela yeniyeniyo, yanga ili pafupi ndi makilo 200, mutsala ndi malo a masaka 13 a makilo 50. Ife tinaika 18. Werengani mweka.

Amene anatipulumutsa ndi amdala ena amene anatipeza akuchokera kumunda. Anagwada, anayang'ana habu, anatenga kamtengo n'kupima kuchokera pakati pa bawuti imodzi kufika pakati pa ina yoyang'anana nayo. Anathyola kamtengo kaja pa muyeso, n'kunena kuti tiwadikire. Patapita ola anabwera ndi mdzukulu wawo akugubuduza wilo. Inachokera pa chikochikale chawo chakale, chimene ekiselo yake inali ya Datsun 120Y. Inalowa ngati inabadwira pomwepo.

"Tate, tikulipileni zingati?" anafunsa amalume.

"Mukabweze chabe. Ngolo nayo ili na nchito," anatero amdalawo.

Tinatsitsa masaka 6 n'kuwasiya pakhomo pawo, tinagona pomwepo, ndipo m'mawa tinanyamuka pang'onopang'ono ngati tanyamula mazira.

Ku Lusaka ndinaganiza kuti rimu ndiipeza tsiku limodzi. Ndinazungulira mashopu a masipeya m'tauni masiku atatu. Paliponse yankho linali limodzi: "Bosi, aya banaleka kupanga kudala. Tengani chabe ya Corolla." Musavomere. Kamtengo ka amdala aja kanapima chinthu chimene amakanika amatcha PCD, kutalikirana kwa mabowo a mabawuti. Ya Datsun 120Y ndi 4x114.3, ya Corolla zambiri zimene zadzaza mu Lusaka ndi 4x100. Zonse zili ndi mabowo 4, koma sizilowana. Wina adzakuuzani kuti akuzako mabowo ndi fayilo, kapena awotcherere rimu yopindika. Rimu yotere imagwedera, imadya mabawuti, ndipo tsiku lina wilo idzakupitirirani pa mseu inu muli pa stiyeringi.

Mukamasaka rimu imene inasiya kupangidwa, nyamulani yakaleyo m'manja. Zofunika kufanana ndi zinayi: kuchuluka kwa mabowo ndi PCD yake, kukula kwa bowo lapakati, saizi ya rimu monga mainchesi 13, ndi mmene rimu imalowera mkati, kuti tayala lisakhule chasisi kapena madigadi. Musayambire m'mashopu a zatsopano. Yambirani kwa ophwasula mamotoka akale. Ine yanga ndinaipeza kumeneko, pansi pa mulu wa zitsulo, ndipo ndinagula ziwiri kuti ina ikhale sipeya.

Njira ina, ngati thumba likulola, ndi kusintha mahabu kapena ekiselo yonse kuti mawilo a trela afanane ndi a motoka imene imaikoka. Hilux ya mabowo 6 ndi 6x139.7, ndipo marimu ake sasowa. Mukatero sipeya imodzi itumikira zonse ziwiri. Owotcherera a ku Kalingalinga m'mbali mwa Alick Nkhata Road ntchito za zitsulo amazidziwa, koma sankhani amene anapangapo matrela, chifukwa wilo yaikulu imafuna madigadi okwezedwa, ndipo ekiselo ikakhota pang'ono matayala atsopano adzatha mbali imodzi.

Pa matayala, gulani olembedwa C kumapeto, monga 155R13C. Amenewa ndi a mamotoka a katundu, m'mbali mwake ndi molimba. La nambala 90 limanyamula makilo 600, awiri 1,200. Koma tayala lolimba silisandutsa katrela kukhala Canter: onani kachitsulo kolembedwa kulemera kumene trela iloledwa, ndipo musapitirire. Sinthani onse awiri nthawi imodzi, pompani mphepo m'mawa matayala asanatenthe, ndipo mukayenda makilomita 50 imani mumangenso manati. Trela ikamakhala miyezi osayenda, ikwezeni pa njerwa ndipo muphimbe matayala ku dzuwa.

Patapita masabata awiri ndinabwerera ku Shikabeta kukabweza wilo ndi kutenga masaka 6 aja. Ndinawapeza onse, osatsegulidwa ngakhale limodzi. Amdala aja ndinawatengera shuga, saladi ndi chubu chatsopano cha ngolo yawo. Anazungulira trela, anagogoda tayala ndi ndodo, anaona sipeya yomangidwa kutsogolo.

"Manje mwakula," anatero, akuseka.

Pitani ku Shikabeta, malo ndi abwino ndipo anthu ake ndi aulemu. Nyamulani madzi okwanira, jeki, sipanala yolowa manati a trela, pampu ndi sipeya. Nyamukani m'mawa, ndipo pewani miyezi ya mvula ngati motoka yanu ndi yofupika. Koma lero lomwe, musanachite china chilichonse, pitani kuseri kwa nyumba, thamangitsani nkhuku zija, mugwade muwerenge manambala 4 aja.